Tisalembe Zopanda Mutu: Kakonzedwe ka Zolemba Zathu pa Foni

Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe akugwira ntchito m'boma, analankhula pa msonkhano waukulu wa pachaka wa ophunzira akale ku Songani. Tawasindikiza onse kuti amene sanabwere awerenge.



Nkhani imene ndapatsidwa ikuoneka yaing'ono pakati pa nkhani zikuluzikulu za lero, monga za madesiki, za mabuku ndi za fizi ya ana ovutika. Ndapemphedwa kuti ndikambepo za kakonzedwe ka zolemba pa foni ndi pa kompyuta: kaikidwe ka mitu, ka manambala, ka zilembo zonenepa ndi zina zotere. Wina atha kufunsa kuti, kodi tachoka ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mangochi kudzamva za tinyenyezi ndi timadontho? Ndikupemphani mundilole ndifotokoze, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kale bungwe ngati lathuli linkakhala ndi buku limodzi la chikuto cholimba, ndipo mlembi akamasiya udindo ankalipereka kwa mnzake pamaso pa anthu. Lero maminitsi, malonjezo a zopereka ndi mayina a amene alipira zikulembedwa m'mapulogalamu a pa foni, aja achinyamata amati ma app. Wina amalemba mu Google Keep, wina mu OneNote, wina mu Samsung Notes, wina amangodzitumizira yekha uthenga pa WhatsApp. Ndalama nazo zikuyenda pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Tsiku limene membala adzaimirire n'kunena kuti, "Ine ndinapereka, bwanji dzina langa palibe?" kukoma mtima kwa msungichuma sikudzakwanira. Padzafunika cholembedwa chimene aliyense angachipeze msanga n'kuchimvetsa. Mabungwe a anthu okondana amatha chifukwa chokayikirana pa ndalama, ndipo nthawi zina palibe ndi mmodzi yemwe amene waba, kungoti zolemba zake zinali zopanda mutu.

Choncho mfundo yanga ndi imodzi. Cholembedwa cha bungwe timalembera munthu amene palibe: mlembi amene adzasankhidwe zaka zitatu zikubwerazi, membala amene ali ku Johannesburg, wowerengera ndalama amene sanakhale nawo pa msonkhano. Munthu ameneyo sangakukodoleni kuti mumufotokozere. Mitu, manambala ndi zilembo zonenepa ndizo zimamutsogolera m'malo mwanu.

ZIMENE TINAPHUNZIRA KALE

Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Aphunzitsi athu ali panowa sankachonga kope lopanda deti kumwamba, lopanda mutu wodulidwa mzere kunsi ndi rula, ndi lopanda mzere wa m'mphepete uja tinkautcha majini. Sindikunena majini amene amakambidwa kunyanja ayi, ngakhale kuti enafe tinkawaopa chimodzimodzi. Tinkayesa ngati aphunzitsi akungotizunza, koma ankatiphunzitsa kuti tsamba lizidzifotokoza lokha: linalembedwa liti, likukamba chiyani, ndipo pali malo oti wina aikepo ndemanga.

Ife amene tinalemba mayeso a JCE ndi MSCE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tikukumbukanso mapepala a mayeso a pa temu, otayipidwa pa sitensulo n'kupukusidwa pa makina a Gestetner. Wotayipa wa masiku amenewo anali ndi zida zitatu zokha: zilembo zazikulu, mzere wa kunsi, ndi mpata wosiya pakati pa ndime. Analibe mitundu, analibe tizithunzi. Komabe palibe amene ankasokoneza funso lachitatu ndi lachinayi, chifukwa chida chilichonse chinali ndi ntchito yake imodzi.

M'boma ndi chimodzimodzi. Fayilo iliyonse ili ndi nambala yake, kalata iliyonse yolowa m'fayilomo imapatsidwa nambala ya tsamba, ndipo ndemanga za akuluakulu zimalembedwa motsatana, iliyonse ndi deti ndi siginecha. Ndi chifukwa chake ofesala watsopano amatha kutenga nkhani imene inayamba iye asanalembedwe ntchito n'kuipitiriza. Kuno ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, National Archives, imene inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Ofufuza mbiri yakale amadandaula mpaka lero kuti moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Koma aliyense wogwira ntchito ku kaundula angakuuzeni kuti fayilo yopanda nambala, kapena yoikidwa pa shelefu yolakwika, n'chimodzimodzi yopsa. Ilipo, koma palibe angaipeze.

MPHAMVU YA NAMBALA

Ganizirani mabuku athu opatulika. Kugawa Baibulo m'mitu monga tikuionera lero amati kunachitika ndi Stephen Langton, amene anadzakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Manambala a ndime za Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Pamene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chinenero chathu mu 1922, linabwera ndi manambala omwewo, ndipo lero mlaliki akangotchula mutu ndi ndime, tchalitchi chonse chimatsegula malo amodzi. Abale athu achisilamu nawonso amapeza mawu mu Qur'an potchula sura, zimene zilipo 114, ndi nambala ya aya.

Pa za dziko, ndani m'chipinda muno amene sanamvepo za Section 65? Pakati pa 2005 ndi 2009 gawo limeneli la malamulo aakulu a dziko lino, lokhudza phungu wochoka m'chipani chimene anasankhidwira, linali pakamwa pa aliyense, kuyambira ku nyumba ya malamulo mpaka pa msika wa Songani. Anthu ankatsutsana kwambiri za tanthauzo lake, koma palibe ankatsutsana kuti akukamba za ndime iti. Nambala ndiyo inachita zimenezo. Mfundo za msonkhano wathu nazonso zikhale ndi manambala, kuti wodandaula azinena kuti "Mfundo 3/2025", osati "zija tinakambirana tsiku lija".

ZIMENE MAPULOGALAMU AMATIPATSA

Tsopano tibwere pa foni. Mapulogalamu olembera ali ndi njira ziwiri zokonzera mawu. Njira yoyamba ndi ya mabatani: mumasankha mawu ndi chala, kenaka mumadina chilembo B kuti anenepe, I kuti apendekeke, U kuti adulidwe mzere kunsi. OneNote, imene kampani ya Microsoft inatulutsa mu 2003, imagwira ntchito motere. Google Keep inatuluka mu 2013, ndipo kwa zaka khumi inalibe zilembo zonenepa. Mu 2023 ndi pamene mafoni a Android analandira mabatani a mitu iwiri, wamkulu ndi wamng'ono, pamodzi ndi B, I ndi U.

Njira yachiwiri ndi ya zizindikiro zimene mumatayipa nokha pakati pa mawu. Njira yodziwika kwambiri imatchedwa Markdown, ndipo anaiyambitsa ndi John Gruber mu 2004. Mukayamba mzere ndi chizindikiro cha # n'kusiya mpata, mzerewo umasanduka mutu waukulu; mukaika ## umakhala mutu wamng'ono. Kamzere kachidule ndi mpata zimayambitsa mndandanda wa timadontho. Mapulogalamu monga Notion, Obsidian ndi Joplin amamva zizindikiro zimenezi. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale pulogalamu itapanda kuzimva, munthu amawerengabe bwinobwino, chifukwa ndi zilembo wamba zimene foni iliyonse imaonetsa.

WhatsApp, kumene ambirife timakumanirana, ili ndi zizindikiro zakezake. Kuyambira 2016, mawu oikidwa pakati pa tinyenyezi tiwiri, kamodzi kutsogolo kamodzi kumbuyo, amanenepa. Oikidwa pakati pa timizere ta pansi, chotere _, amapendekeka. Oikidwa pakati pa zizindikiro zopindika, chotere ~, amakhwatchidwa. Mu February 2024 anawonjezerapo mndandanda wa timadontho, mndandanda wa manambala, ndi chizindikiro cha > chosonyeza mawu a munthu wina. Koma WhatsApp ilibe mitu yeniyeni, ilibe mzere wa kunsi, ndiponso ilibe matebulo.

Apa pali msampha umene ndikufuna alembi athu audziwe. Pa WhatsApp kanyenyezi kamodzi mbali iliyonse kamanenepetsa mawu, koma mu Markdown kanyenyezi kamodzi kamawapendeketsa, ndipo kuti anenepe pamafunika tiwiri mbali iliyonse. Komanso mawu amene mwanenepetsa ndi batani m'pulogalamu ina, mukawakopera n'kuwamata pa WhatsApp, kawirikawiri amafika ali wamba, kunenepa kwawo kutatsala m'njira. Ndipo uthenga womwewo mukautumiza pa SMS kwa mkulu wathu wa kafoni ka mabatani, iye amangoona tinyenyezi tomwazika. Choncho tanthauzo la cholembedwa lisadalire kunenepa kwa zilembo kokha. Ngati mfundo yagwirizanidwa, lembani liwu lakuti "Tagwirizana" poyamba pake, kuti ngakhale kunenepa kutatha, liwulo likhalepobe.

Chinanso, pali kusiyana pakati pa mutu weniweni ndi mawu ongokulitsidwa. Mukagwiritsa ntchito batani la mutu, kapena chizindikiro cha #, pulogalamu imadziwa kuti apa payambira gawo latsopano. Mapulogalamu monga Word, Google Docs ndi Obsidian amatha kusonkhanitsa mitu yonseyo pambali kuti muzidumphira pamene mukufuna, ndipo mapulogalamu owerengera anzathu osaona amawauza kuti apa pali mutu. Koma mukangonenepetsa mawu n'kuwakulitsa, m'maso amaoneka ngati mutu, pamene kwa makinawo ndi mzere wamba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

MALANGIZO ASANU NDI AWIRI

Loyamba, cholembedwa chilichonse chikhale ndi dzina, ndipo dzinalo liyambe ndi deti. Mu mapulogalamu ambiri mzere woyamba ndi umene umaoneka pa mndandanda, tsono mukayamba ndi "Moni nonse" mudzakhala ndi zolemba makumi awiri za dzina lomwelo. Lembani deti kuyambira chaka, mwezi, kenaka tsiku, chotere: 2025-03-15 Maminitsi a komiti. Kalembedwe kameneka ndi kovomerezeka pa dziko lonse kuyambira 1988 pansi pa dzina lakuti ISO 8601, ndipo ubwino wake ndi wakuti mukasanja zolemba potsata mayina, zimadzindandalika zokha kuyambira zakale mpaka zatsopano. Kamachotsanso chisokonezo cha 03/04, imene kwa ife ndi 3 April koma ku America ndi March 4.

Lachiwiri, zilembo zonenepa zikhale za zinthu zitatu zokha: chimene tagwirizana, kuchuluka kwa ndalama, ndi tsiku lomaliza. Mchere umakoma ukakhala wapang'ono. Tsamba lonenepa lonse ndi ndiwo zoti munthu sangadye. Zilembo zazikulu zokhazokha tizisungire mitu, chifukwa pa foni anthu amazimva ngati kukalipa.

Lachitatu, manambala akhale a zinthu zimene tidzazitchulenso, kapena zoyenera kuchitika motsatana. Timadontho tikhale ta zinthu zimene zilibe woyamba kapena wotsiriza, monga mayina a zipangizo zogula. Chenjerani ndi manambala amene pulogalamu imaika yokha, chifukwa mukachotsa mfundo yachiwiri, yachitatu imasanduka yachiwiri, ndipo amene anatchula "mfundo 3" m'kalata yake adzakhala akuloza china. Pa maminitsi, tayipani nokha nambala ndi chaka, monga 3/2025, kuti isasunthe.

Lachinayi, ntchito yoti ichitike ikhale ndi kabokosi kochonga. Google Keep ili ndi timabokosi timeneti, mu OneNote ya pa kompyuta mumadina Ctrl ndi 1, mu Notion mumatayipa [] ndi mpata. Koma kabokosi pakokha sikagula desiki. Mzere uliwonse unene ntchito, woichita, ndi tsiku lomaliza. Tikalemba kuti "afunsidwe mitengo ya simenti" osatchula wofunsa, aliyense amayesa kuti mnzake ndiye apita.

Lachisanu, za ndalama zikhale m'tebulo, kapena mzere umodzi pa munthu mmodzi, motsatana chimodzimodzi: deti, dzina, kuchuluka, njira yolipirira, ndi nambala ya chiphaso imene imabwera mu uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba. Musayese kuwongola mizere podina mpata kambirimbiri monga tinkachitira pa tayipi. Pa tayipi chilembo chilichonse chinali ndi m'lifupi wofanana, koma pa foni chilembo i n'chowonda kuposa m, ndipo mafoni amasiyana kukula, kotero kuti zowongoka pa foni yanu zimafika zokhota kwa mnzanu. Lembani K250,000 ndi kakoma pamalo pake, osati 250 yokha poganiza kuti aliyense adziwa. Ndipo deti isasowe pa lonjezo lililonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023. Lonjezo la ndalama lopanda deti silingatiuze kuti mwini wake ankaganiza za matumba angati a simenti.

Lachisanu ndi chimodzi, cholakwika chikhwatchidwe, chisafufutidwe. M'boma, ofesala akalakwitsa nambala amadula mzere umodzi kuti yakaleyo izionekabe, amalemba yolondola pambali, n'kusainira. Pa foni kufufuta n'kosavuta ndipo sikusiya chizindikiro, ndiye pamene pamayambira kukayikirana. Maminitsi akavomerezedwa, kusintha kulikonse kuchitike pokhwatcha, ndi kulemba deti ndi udindo wa wosinthayo.

Lachisanu ndi chiwiri, mitundu ndi tizithunzi tisazisenzetse tanthauzo. Mukati ofiira sanalipire, obiriwira alipira, tsamba likapita ku fotokope onse amatuluka akuda. Komanso pali anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Lembani mawu akuti "walipira" kapena "sanalipire".

ZA CHINENERO CHATHU

Pali mfundo ziwiri zokhudza ife olemba m'Chichewa. Yoyamba ndi ya kufufuza. Mawu athu amasintha kutsogolo: desiki, madesiki, padesiki, buku, mabuku, m'buku. Mapulogalamu ena amafufuza kuyambira kumayambiriro kwa liwu, kotero kuti mukatayipa "desiki" sakuonetsani pamene munalemba "madesiki". Onjezani apo kuti wina amalemba "mawu" wina "mau", wina "msungichuma" wina "msungi chuma". Mankhwala ake ndi kugwirizana pa mawu ochepa osasintha oika pa cholembedwa chilichonse, monga Maminitsi, Zopereka, Madesiki, Fizi. Google Keep ili ndi malebulo a ntchito imeneyi, ndipo mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito # yomatidwa ku liwu popanda mpata. Onani kusiyanako: # ndi mpata ndi mutu, # yopanda mpata ndi lebulo.

Yachiwiri ndi ya chilembo chathu cha ŵ, cha kadenga pamwamba, chimene chili m'dzina la dziko lathu, Malaŵi. M'mapulogalamu olembera ndi pa WhatsApp chimaoneka bwino. Koma SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili zilembo wamba. Mukaikamo chilembo chimene sichili pa mndandanda wa zilembo za SMS, monga ŵ kapena kachithunzi koseka, malirewo amatsika kufika pa 70. Uthenga umene ukanapita umodzi umagawika pawiri kapena patatu, ndipo mayunitsi amatha moteromo. Mlembi wotumiza chiitano kwa anthu makumi asanu adziwe zimenezi.

CHITSANZO

Kuti zisakhale zolankhula chabe, nachi chitsanzo chongoyerekeza cha m'mene maminitsi athu angaonekere. Chalembedwa ndi zilembo wamba, choncho chiwerengeka pa foni iliyonse ndi pa pepala pomwe.

2025-03-15 Maminitsi a komiti

OPEZEKAPO: wapampando, mlembi, msungichuma, mamembala anayi.

1/2025 MAMINITSI APITAWO. Tagwirizana: avomerezedwa popanda kusintha.

2/2025 MADESIKI. Tagwirizana: tifunse mitengo kwa akalipentala atatu. Wochita: msungichuma. Tsiku lomaliza: 2025-03-29.

3/2025 ZOPEREKA. Tagwirizana: mndandanda wa olipira uzitumizidwa kwa mamembala kumapeto kwa mwezi uliwonse. Wochita: mlembi.

Mwaona kuti mulibe chokongoletsa chilichonse. Koma munthu amene sanabwere atha kudziwa m'mphindi imodzi chimene chinagwirizanidwa, amene achite, ndi tsiku lake.

PULOGALAMU SI MUDZI WOKHAZIKIKA

Ndisanakhale pansi, ndinene za kusamuka. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa timadziwa kuti madzi amene ukuwaona lero si malonjezo a mawa. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linasanduka matope ong'aluka. Ndi chifukwa chake msodzi wanzeru wa ku Kachulu sadalira matemba okha. Amakhalanso ndi kadimba kapena kamunda ka mpunga.

Mapulogalamu nawonso amasintha. Evernote, imene inatchuka kuyambira 2008, inagulidwa ndi kampani ya ku Italy yotchedwa Bending Spoons kumayambiriro kwa 2023, ndipo mu December chaka chomwecho ogwiritsa ntchito ulere anaikiridwa malire a zolemba 50 ndi buku limodzi. Zolemba zawo zakale sizinafufutidwe, koma amene anali atapyola malirewo sakanatha kuwonjezera zatsopano popanda kulipira kapena kuchotsa zina. Ambiri anasamuka, ndipo posamuka ndi pamene munthu amazindikira kuti mitu, manambala ndi mawu wamba zimawoloka bwino, pamene mitundu, zilembo zachilendo ndi matebulo opiringizana zimathyoka m'njira. WhatsApp nayo si nkhokwe. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi popanda kope losungidwa kwina, mauthenga amapita nayo. Ndipo gulu likhoza kuikidwa kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90.

Choncho zolemba za bungwe zikhale pa akaunti ya bungwe, osati ya munthu mmodzi, ndipo mawu achinsinsi otsegulira azidziwika ndi akuluakulu awiri kapena atatu, n'kusinthidwa komiti ikasintha. Maminitsi akavomerezedwa asandutsidwe PDF, asindikizidwe pa pepala, wapampando ndi mlembi asainire, ndipo kope limodzi likhale mu ofesi ya a Mphunzitsi Wamkulu. Kamodzi pa chaka titulutse zonse m'pulogalamu n'kusunga kwina. A Google Keep amachita zimenezi kudzera mu Google Takeout, ndipo Notion imalola kutulutsa zolemba ngati PDF kapena Markdown.

Tikumbukirenso kuti si zonse zoyenera kupita pa gulu. Mayina a ana amene tikuwalipirira fizi, mavuto a kwawo ndi zotsatira za mayeso awo zikhale m'cholembedwa chapadera chimene amaona a komiti okha. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, umunthu wokha ukutiuza kuti umphawi wa mwana si nkhani yofalitsa. Pa gulu pakwanira kunena chiwerengero cha ana ndi ndalama zimene zapita.

POMALIZA

A Wapampando, ndikupempha msonkhano uno zinthu zitatu. Choyamba, tivomereze kalembedwe kamodzi ka maminitsi ndi ka zopereka, monga chitsanzo ndaonetsa chija kapena china chimene komiti ingakonze, kuti mlembi aliyense wobwera asamayambe zakezake. Chachiwiri, komiti itsegule akaunti ya bungwe ndi kusamutsiramo zonse zimene zili m'mafoni a anthu, tisanaiwale kuti zili mwa yani. Chachitatu, achinyamata athu odziwa bwino mafoni akhale pansi ndi akuluakulu amene anagwirapo ntchito ya ulembi m'maofesi, m'mipingo ndi m'mizikiti. Wachinyamata akudziwa pamene pali batani. Wamkulu akudziwa choyenera kulembedwa ndi choyenera kusiyidwa. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa aphunzitsi amene muli pa ntchito, pempho langa n'lakuti musafooke pa nkhani ya deti, mutu ndi majini. Ana amene mukuwaphunzitsawa adzagwiritsa ntchito mapulogalamu amene ife sitinawalotepo, ndipo mabatani ake adzakhala ena. Koma mwana amene wazolowera kulemba moganizira womuwerenga adzaphunzira mabataniwo tsiku limodzi.

Kwa aphunzitsi athu opuma, tikuti zikomo chifukwa cha bolopeni yofiira ija. Tinkaida, koma mawu a akuluakulu akoma akagonera.